Kasingano Analemba Katatu

Kufakitale yosoka mayunifolomu ankamutchula Kasingano, chifukwa anali wamng'ono thupi, wowongoka, ndipo akakulasa ndi mawu unkamva kupweteka utafika kale kunyumba. Anayamba kusoka ali ndi zaka khumi ndi ziwiri pa makina opalasa ndi mapazi a agogo ake, amene anamulera mayi ake atamwalira. Pofika zaka makumi awiri ndi zinayi anali atakhala pamzere woyamba, pafupi ndi zenera, pamene amaikapo anthu osoka makolala. Kolala si ntchito ya aliyense. Msoko wa mkono ukapendama umabisala m'khwapa, koma kolala imakhala pansi pa chibwano, aliyense aione. Kwa zaka zisanu ndi zinayi dengu la zobwezedwa silinalandirepo kolala ya Kasingano. Akalakwitsa ankamasula ulusi mwakachetechete pamiyendo pake, n'kusokanso kapitao asanafike pamzere wake.

Anthu a m'banja limenelo ndi otero. Sapereka chinthu chamakwinya m'manja mwa mlendo. Agogo ake ankati munthu amavutikira m'nyumba, pakhomo amatuluka atasita. Ndi mawu amene analera ana asanu ndi adzukulu osawerengeka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anachititsa manyazi mtundu.

Matenda anamupeza ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu. Anayamba ngati kutsegula m'mimba wamba, kenaka kunabwera magazi. Kufakitale chimbudzi cha azimayi chinali kuseri kwa chipinda chositira, ndipo kiyi yake inkakhala kwa kapitao, itamangiriridwa ku kathabwa kuti isalowe m'thumba la munthu. Kasingano, amene kale ankatha tsiku lonse osadzuka pampando, tsopano ankaitenga kasanu dzuwa lisanafike paliwombo.

"Kodi Kasingano, tingokusamutsira makina konko?" anatero kapitao tsiku lina, akulendewetsa kathabwa kaja m'mwamba.

"Samutsani, a Kapitao. Mwina kumeneko ndikapeza anthu odziwa kulankhula."

Mzere wonse unaseka, koma iye poyenda anali atafinya miyendo, thukuta lili kamukamu pamphumi.

Kuchipatala chaching'ono anati ndi kamwazi, anamupatsa makapisozi. Atabwereranso anati ndi njoka zam'mimba. Magazi anamuyeza katatu kufuna matenda aja amene anthu amanong'onezana akaona munthu akuonda, katatu konse sanapeze kanthu, koma aneba anali atamaliza kale kuyeza ndi maso awo. Mwamuna wake, munthu wowotcherera zitsulo, wamanja okhakhala ndi mawu ochepa, anayamba kudutsa njira yakumbuyo popita kuntchito kuti asamve moni wachifundo. Panatha chaka ndi miyezi iwiri asanawatumize kuchipatala chachikulu, kumene anamulowetsa kachingwe ka kamera n'kuona zimene zinali m'kati.

Dokotala wake anali mayi wamtali, wotopa m'maso. Anajambula thumbo lalikulu papepala, n'kulidetsa ndi cholembera mbali yonse ya kumanzere. Anati ndi zilonda, ndipo si chakudya chinazibweretsa, si madzi, si munthu. Thupi lenilenilo ndi limene limaukira thumbo lake ngati mdani. Matendawa sapatsirana, satheratu, koma amagonekeka. Anamupatsa mapilitsi amene anamutupitsa nkhope ngati mwezi, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi anapuma. Kenaka mapilitsi aja anangokhala ngati akumeza mchenga.

M'pamene anamuuza za kafukufuku. Amene ankayendetsa zonse anali namwino wachikulire wamagalasi a chingwe, amene aliyense ankangoti a Sisitala. Anamukhazika m'kachipinda kokhala ndi sikelo pakona ndi firiji yaing'ono yong'ung'udza. Anafotokoza kuti pali mankhwala atsopano a m'diripi amene akuyesedwa. Pa anthu atatu alionse, awiri amalandira mankhwalawo, mmodzi amalandira madzi amchere chabe, kuti pamapeto aone ngati kusiyana kulipodi. Amachita maere ndi kompyuta. Wodwala sadziwa, a Sisitala sadziwa, dokotala sadziwa. Yankho limakhala lotsekeredwa mu envulopu imene imatsegulidwa pokhapokha zinthu zitavuta.

Mapepala ovomereza analipo masamba khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo a Sisitala anawawerenga onse mokweza, chala chikuyenda pansi pa mizere. Pa tsamba la khumi ndi chimodzi panalembedwa kuti munthu akayamba kudwalika amamuchotsa pa mankhwala oyesawo n'kumupatsa ena amphamvu, odziwika kale, mwinanso kumugoneka. Tsamba limenelo linawerengedwa. Koma nthawi imeneyo m'mimba mwa Kasingano munali mutayamba kupota, ndipo makutu ake onse anali pa chitseko cha kumapeto kwa khonde, akuyerekeza ngati angakafike. Anagwedeza mutu, anasaina, anapempha njira.

Atabwerako anamupatsa kabuku ka chikuto chobiriwira. Tsiku lililonse linali ndi mzere wake: wapita kuchimbudzi kangati, magazi analipo kapena ayi, ululu unali wotani.

"Kabuku aka ndiye maso athu," anatero a Sisitala. "Ife kunyumba kwanu sitigonako."

Masabata awiri oyamba analemba mmene zinalili. Kasanu ndi kanayi. Kakhumi. Magazi, magazi, magazi. Dzanja linkalemera polemba mawu amenewo, chifukwa chibadwire anali asanauzepo munthu za kuseri kwake, ngakhale agogo ake amene anamusambitsa ali khanda.

Odwala a kafukufuku ankadikira diripi pabenchi lalitali la pakhonde, Lachiwiri, kamodzi pa masabata awiri. Pabenchipo panali bambo wina amene kale anali mlonda, ndipo anzake ankamutchula a Loya chifukwa panalibe nkhani imene sankaidziwa mutu wake. Anasuzumira m'kabuku ka Kasingano osapempha.

"Mayi, mukulemba zimenezi? Mwatopa nawo mankhwala?"

"Anati tizilemba zoona."

"Anati. Kodi mayi uja wa duku lofiira, ankakhala apa pakonapa, mukumuona lero?"

Kasingano anayang'ana. Pakona panalibe munthu.

"Analemba kakhumi ndi kawiri masiku anayi otsatizana. Basi, anamufufuta. Anthu awa akufuna mankhwala awo aoneke ogwira ntchito. Ukawawonongera mbiri, amakutsegulira chitseko. Ndiye ubwerere ku timapilitsi tako tija."

"Nanga inu mumalemba chiyani?"

"Ine?" A Loya anasisita ndevu. "Ine ndimalemba mwaulemu."

Benchi linaseka chapansipansi. Kasingano sanaseke. Anayang'ana botolo la diripi limene ankapita nalo kwa munthu wina, madzi ake oyera ngati misozi, ndipo anakumbukira mchenga wa mapilitsi aja. Kumbuyo kunalibe kobwerera. Ngati m'botolomo munali moyo wake, sakanalola kuti dzanja lake lomwe limuchotse pamzere.

Lamlungu masana anakhala patebulo ndi labala. Ankalemba ndi pensulo, choncho sizinavute. Pamene panali kakhumi ndi kamodzi anaikapo kasanu. Sabata yotsatira kanayi. Kenaka katatu, ndipo pa katatu anakhazikika, chifukwa anaona kuti ndi nambala yooneka bwino, yosadzitama. Pamzere wa magazi anayamba kulemba kuti pang'ono, kenaka ayi. Kabuku kanayera ngati kolala yochokera kositidwa.

Lamlungu lina mwamuna wake anamupeza akufufuta. Anaima kumbuyo kwake nthawi yaitali, akupukuta manja ndi kansanza.

"Mayi, dzulo ndinali pakhomo pano tsiku lonse. Chitseko chija chinalira kakhumi ndi kanayi."

"Mwayamba ulonda wa zimbudzi tsopano?"

"Mahinjesi ake ndinawotcherera ndine. Ndimawamva."

"Ndiye kathireni mafuta, bambo."

"Apa mwalemba katatu."

Agogo, amene anasamukira m'nyumbamo matenda atakula, anali pampando wawo pafupi ndi khomo akusankha mabatani m'chitini. Sanakweze ngakhale mutu.

"Amuna anga," anatero, pakuti ndi mmene ankamusereulira mwamuna wa mdzukulu wawo, "kabukuko n'kanu? Mwana wapeza mankhwala patatha zaka ziwiri akukankhidwa uku ndi uku ngati mbuzi yopanda mwini. Mukufuna akawatayitse ndi pensulo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komanso mdzukulu wanga azikapereka kwa alendo pepala lodzaza zonyansa ngati kwawo kulibe anthu?"

"Agogo, ine sukulu yanga ndi yochepa, koma chitsulo chikang'aluka sitipakapo penti."

"Uyu si chitsulo. Uyu ndi magazi anga."

Munthu wa zitsulo anapinda kansanza kake, anatuluka. Sanakanenenso kuchipatala, chifukwa m'nyumba imeneyo mawu a agogo anali asanagwepo pansi, ndipo iye analowamo ndi ulemu. Agogowo anali olakwa. Zimenezo zilembedwe poyera, chifukwa iwonso sakana.

Chimene kabuku sikakanabisa chinali sikelo. Patatha masabata anayi a Sisitala anayang'ana nambala, anayang'ana Kasingano pamwamba pa magalasi.

"Mukuti mukupeza bwino, koma makilo awiri apita kuti?"

"Ndi ntchito, a Sisitala. Tili ndi oda ya sukulu zitatu."

Atafika kunyumba analowa m'shedi ya mwamuna wake n'kutapa mawashala, tizitsulo tobulungira toboola pakati tija amaika pa mabawuti. Anatenga siketi yake yakuda yopitira kuchipatala, yansalu yokhuthala, anamasula mpendero, n'kusokereramo mawashala limodzilimodzi, lililonse m'kathumba kake kuti asagundane n'kulira. Ena anawaika m'lamba wa m'chiuno. Inali ntchito yaukhondo moti ngakhale telala mnzake sakanaona msoko. Ulendo uliwonse thupi likatsika, ankawonjezera mzere wina. Siketi inkamumenya m'akakolo pokwera basi, koma sikelo inaima.

Magazi a m'botolo okha ndi amene sankasokereka. Zotsatira zinaonetsa kuti akuchepa, ndipo kutupa kwa m'thupi kukukwera. Dokotala anamuitana yekha.

"Kabuku kanu kakunena zina, magazi anu akunena zina. Ndikhulupirire ziti?"

"Kumwezi kukumachuluka masiku ano, adokotala."

"Ndikufunsaninso. Musaope kanthu. Kuchimbudzi mukupita kangati?"

Kasingano anamva mawu aja akuti musaope kanthu, ndipo anakumbukira pakona pa benchi.

"Katatu."

Dokotala anamupatsa mapilitsi owonjezera magazi, n'kunena kuti sadikira sabata la khumi ndi chiwiri limene anaika kuti adzamuonenso m'kati. Kamera ilowenso Lachinayi lomwelo. Lachinayi Kasingano anaimba foni kuti kapitao wakana kumumasula. A Sisitala anaimba kawiri sabata imeneyo, kawiri konse Kasingano anayankha ndi mawu osalala, atakhala pamphepete pa bafa, mutu uli pakhoma. Anagwirizana za Lachinayi linalo.

Nthawi imeneyi n'kuti akudya ngati mbalame, mpunga wowiritsa masipuni atatu, tiyi wopanda mkaka. Kuntchito ankavala zamkati ziwiri ndi nsalu yopinda, ndipo m'chikwama ankayenda ndi sopo. Ankadziwa chimbudzi chilichonse pakati pa nyumba ndi fakitale: cha pamalo omwetsera mafuta, cha kuseri kwa sitolo ya matayala, cha mayi wina wogulitsa makala amene ankangomuona n'kuloza ndi mutu osafunsa. Makolala ake anali asanabwezedwebe.

Lolemba la sabata lachisanu ndi chinayi kunachitika chodabwitsa. M'mimba munangoti zii. Tsiku lonse anapita kamodzi kokha. Thupi linali lotentha, mimba inali itauma ngati ng'oma, koma chitseko sichinalire. Anatenga kabuku n'kulemba kamodzi, ndipo aka kanali koyamba m'masabata asanu ndi awiri kulemba osagwira labala.

"Agogo, ayamba kugwira," anatero, milomo ili gwaa.

Agogo anamugwira pamphumi, dzanja linapsa, koma anafuna kukhulupirira. Anati ndi mmene mankhwala amphamvu amachitira, amayamba amenyana ndi matenda.

Thumbo silinachire. Linali litaleka kugwira ntchito, likungofufuma ndi mpweya ngati chubu cha njinga. Lachiwiri m'mawa anakwera basi ya kuntchito m'malo mwa ya kuchipatala, atavala siketi yakuda, poganiza kuti amalize makolala makumi awiri kenaka apite ku diripi. Anamaliza asanu ndi atatu. Wa pambali pake anamva makina akuthamanga okha, atacheuka anaona mutu wa Kasingano uli pansalu, phazi likadapondabe. Kapitao yemwe uja ndi amene anamunyamula m'manja mpaka pagalimoto ya katundu, akunena mobwerezabwereza kuti mwana uyu bwanji akulemera kumiyendo kokha.

Kuchipatala sanataye nthawi ndi zipi. Namwino wa kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi analowetsa sizasi m'chiuno mwa siketi n'kudula kutsika. Sizasi inaluma chitsulo. Anakoka mwamphamvu, mpendero unang'ambika, ndipo mawashala anakhuthukira pasimenti, kugubuduka mpaka pansi pa mabedi a anthu ena. A Sisitala, amene anathamanga kuchokera ku chipinda cha kafukufuku, anatola limodzi. Analiyang'ana, anayang'ana mwamuna wa Kasingano amene anali atangofika ndi ovolosi yake.

"Kangati patsiku, bambo?"

"Kakhumi ndi kasanu. Nthawi zina kuposa."

"Kuyambira liti?"

"Sikunasiyepo."

A Sisitala anavula magalasi, anawasiya alendewere pachifuwa. Sanakalipe. Anapita kukaitana dokotala kuti atsegule envulopu.

M'diripi yake munali madzi amchere. Masabata asanu ndi anayi onse, chimene Kasingano ankachitchinjiriza ndi labala ndi singano chinali madzi amchere.

Anayesa mankhwala amphamvu aja kwa tsiku limodzi, koma anali atachedwa. Thumbo linali litapyapyala ngati pepala lonyowa, ndipo madokotala a opaleshoni anati akadikira liphulika. Mwamuna wake anasaina. Analichotsa lonse. Kumanja kwa mchombo anaboola, n'kutulutsira kansonga ka thumbo laling'ono, kofiira ngati m'kamwa, ndipo pamenepo anamatapo kathumba ka pulasitiki kolandira zonse zimene kale zinkapita kuseri.

Patatha masiku asanu a Sisitala anabwera kuwodi, anakoka mpando. Kasingano anatembenukira kukhoma.

"Sindinabwere kudzakuzengani mlandu," anatero. "Ndabwera kudzafunsa, kuti ndidziwe pamene ndinaphonya. Munkaopa chiyani?"

"Kuchotsedwa. Ngati mayi wa duku lofiira."

"Anakuuzani ndani?"

"Pabenchi."

A Sisitala anapukusa mutu.

"Mayi amene uja tinamuchotsadi. Tinamuika pa mankhwala ena sabata yomweyo. Amabwera Lachisanu, n'chifukwa chake simumuona. Wanenepa, moti duku lija likumuthina."

Kasingano sanalire. Anafunsa funso limodzi lokha, maso ali kukhoma.

"Ndikanalemba zoona, thumbo langa likanakhalapo?"

"Sindinganame kuti ndikudziwa. Ena timawapatsa mankhwala aja n'kulephera ndithu. Koma tikanakhala ndi masabata asanu ndi awiri oyesera. Tinali ndi tsiku limodzi."

"Nanga kabuku?"

"Masabata awiri oyamba tiwagwiritsa ntchito. Enawo tawalemba mzere pakati. Ndipo ndawaitana onse a pabenchi mmodzimmodzi, tsamba lija ndawawerengeranso, kenaka iwo andifotokozere ndi pakamwa pawo. Atatu apempha makabuku atsopano."

Agogo anamva zonsezi ali pansi pambali pa bedi, pamene ankagona masiku onsewo. Lachiwiri lotsatira anamanga nsalu yawo molimba, anatsika masitepe kupita ku khonde la kafukufuku kukafuna a Loya. Anthu amene amawadziwa agogowo akudziwa chimene chimachitika akamanga nsalu motero. Aphunzitsi aakulu awiri ndi mwininyumba mmodzi angachitire umboni. Anawapeza a Loya ali pabenchi, bambo wouma ngati chikuni, thalauza atalimanga ndi chingwe, akugwira pamimba ndi manja onse awiri. Agogo anaima patsogolo pawo. Mawu onse amene anakonza pamasitepe anali oti akanawanenanso kwa iwo eni. Anaima choncho mpaka a Loya anasendera kuwapatsa malo. Agogo sanakhale. Anabwerera kuwodi, ndipo masitepe aja anawakwera mopumira katatu.

Kasingano anatuluka m'chipatala patatha masabata atatu. Madokotala anati mwina patsogolo, thupi likalimba, angadzayese kulumikiza m'kati kuti kathumba kachoke. Anati mwina, ndipo sanalonjeze. Anaphunzira kudula bowo la kathumba molingana ndi kansonga kaja, ndipo anamwino anati sanaonepo wodwala wodula bwino chotero. Khungu lozungulira linkasupuka. Kathumba kankalira pamene kafunira, ngakhale pakati pa alendo. Mwamuna wake anamukhomera kashelefu kachitsulo kubafa koikapo sizasi, thonje ndi timatumba, anakapaka penti yoyera, ndipo za Lamlungu lija sanazitchulepo mpaka lero. Kufakitale malo a pazenera anamusungira miyezi iwiri, kenaka anaikapo wina. Anamuuza kuti akalimba abwere, adzamupezera pena.

Zovala zake zonse zinali zodulira pachiuno penipeni, monga ankakondera, ndipo lamba wa siketi iliyonse ankadutsa ndendende pamwamba pa bala. Tsiku lina m'mawa anazitulutsa zonse m'kabati n'kuziunjika patebulo. Anaima, anakweza bulauzi, anapatsa agogo ake tepi.

"Yezani apa, pamwamba pa kathumba. Musakoke."

Tepi inkaterereka m'manja mwa agogo. Anayeza kawiri, n'kutchula nambala. Kasingano anailemba ndi choko pamphepete pa tebulo, anakhala pansi, anayamba kumasula lamba wa siketi yoyamba. Zovalazo zinalipo zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi imodzi zinali ndi nsalu yokwanira kukweza chiuno. Yomaliza inali diresi yabuluu yothina imene anadzisokera chaka chimene anakwezedwa kupita pamzere woyamba, ndipo imeneyo inalibe pobwerekera nsalu. Anaitembenuza uku ndi uku, anayang'ana m'misoko, anaipinda bwinobwino.

"Mumupatse mwana wa achimwene," anatero. "Ali ndi thupi langa lakale."

Agogo anailandira, anaiika pamiyendo. Kasingano analowetsa ulusi pasingano kamodzi kokha osaphonya, anakankhira mpando kumbuyo pang'ono kuti mimba isagunde tebulo, n'kuyamba kupalasa.